Makiyi a kwa Anangondo

Zaka zanga sindinaziwerenge, choncho musandifunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinayenda, ndipo kulikonse kumene ndinachoka, ndinachoka tsiku la maliro. Ena amathawa njala, ena amathawa mkazi wolongolola. Ine ndinkathawa nthambi zaziwisi zija amayala pamsewu munthu akamwalira. Ndikangoziona mapazi ankayamba kuyabwa, ndipo nthawi zonse, kaya zinkatheka bwanji, pafupi pankapezeka galimoto yoima, munthu akukuwa kuti atsala malo amodzi.

Matendawa anayambira kwathu. Mayi anga atadwala, abale anawatengera kuchipatala kutsidya la mtsinje. Ine ndinakhoma loko pachitseko, kiyi n'kumumanga pachingwe m'khosi, n'kupita kukagwira maganyu osoka fodya. Ndinati ndibwera Loweruka. Loweruka litafika ndinati lotsatiralo. Tsiku limene ndinatsika lole pamphambano ya kwathu, nthambi zinali zitakankhidwira kale m'mbali mwa msewu, masamba ake atauma. Mayi wina wogulitsa nthochi anandiyang'anitsitsa.

"Si inu mwana wa malemu? Anthu anakufunani masiku awiri. Mtembo unafika, nyumba ili yokhoma. Anachita kuthyola chitseko ndi nkhwangwa."

Lole inali isanachoke. Dalaivala anasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Achimwene, mukutsala kapena? Malo alipo amodzi." Ndinakwera. Kumanda sindinafikeko, ndipo kiyi uja anatsala m'khosi mwanga, wosatsegula chitseko chilichonse pansi pano.

Ndinakatsikira kudera louma, kumene mbuzi zinkadya makatoni ndipo akazi ankapita kumadzi atanyamula kamba wa paulendo. Kumeneko ndinakhala ndi a Kambwiri, mkulu wokumba zitsime, wamfupi, wamanja otakata ngati fosholo yawo. Anandiphunzitsa kumva dothi: lofiira pamwamba, la mchenga pakati, kenako loyera lozizira limene ankaliika palilime n'kunena kuti madzi atsala mikono iwiri. Koma phunziro limene ankalibwereza tsiku lililonse linali la chingwe.

"Dzenje si la munthu mmodzi, mphwanga," ankatero. "Wapansi amakumba, wapamwamba amakoka ndowa. Wapamwamba akangoti ndikasute kaye fodya, wapansi wagona momwemo."

Ndinawagwirira chingwe mvula zitatu, mwina zisanu. Chifuwa chinawatenga nyengo yozizira. M'mawa mwake ndinamva zikwanje zikugwetsa nthambi za mango. Akazi awo anatuma uthenga kuti adzukulu okumba manda akufuna piki, chingwe, ndi munthu wodziwa dothi la kumeneko. Piki ndi chingwe ndinapereka. Munthu wodziwa dothi uja anali kale pamatola, atakhalira thumba la makala.

Kenako inali tauni ya msewu umodzi, masitolo mbali iyi, chigayo mbali iyo. Ndinalowa m'manja mwa a Likongwe, kalipentala wosakonda kulankhula, pensulo kukhutu ngakhale m'tchalitchi. Ankakhoma zitseko ndi mabokosi a maliro basi. Mipando ankati ndi ya anthu aulesi. Tsiku lina ndikupala thabwa ndinawafunsa ngati likhale la chitseko kapena la bokosi.

"Pala iwe," anatero. "Thabwa ndi lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti china amachitsegulanso m'mawa."

Anali ndi mwana wamkazi, Nelesi, wa mpata m'mano, woseka mokweza mpaka nkhuku kuthawa. Ankakoka chingwe cha m'khosi mwanga n'kufunsa kuti, "Nanga kiyiyu ndi wa kwa mkazi uti?" Ndinamukonda, ndisaname. Nkhani ya ankhoswe inali itayamba kale kumveka pamene a Likongwe anagwa pafupi ndi benchi lawo, sowo ili m'manja. Bokosi lawo ndinakhoma ndekha, labwino, la mlombwa. Panatsala misomali inayi ya chivundikiro pamene ndinamva zikwanje zija. Nelesi anandipeza podikirira basi, maso ofiira, duku lili m'manja.

"Maliro n'kulirana," anatero motsitsa mawu. "Mukakwera basiyi musadzanditchulenso dzina."

Kondakitala anati atsala malo amodzi. Ndinakwera, ndipo lero ndi koyamba kumutchula.

Mumzinda waukulu ndinakhala woitanira maminibasi. Ntchito yake ndi pakhosi basi: umakuwa dzina la malo amene sunafikeko mpaka anthu atakhulupirira kuti galimoto inyamuka pompano. Mumzinda munthu amafa m'mawa, madzulo pamalo pake pali kale wina akugulitsa tomato, ndiye ndinati apa ndapeza kwathu. Koma tsiku lina masana ndinakhala pampando wakumbuyo kuti ndipumitse miyendo, tulo n'kundiba. Ndinadzidzimuka dalaivala akundigwedeza phewa. Anali munthu wonenepa wovala kapusi, dzina lawo a Sikelo, monga ndinadzadziwira pambuyo pake.

"Apa ndi pothera, bwana. Kutsogoloku kulibe msewu."

Ndinatsika m'tauni yopanda anthu. Nyumba zinali zambiri, zamalata onyezimira, zina zopaka pulasitala mbali ya kumsewu yokha, zina mawindo atatsekedwa ndi njerwa podikira magalasi. Chitseko chilichonse chinali ndi loko. Agalu anagona pamithunzi osafuna n'kuuwa komwe. Komatu mawu ankamveka: kuno wina akulalikira, uko wina akuimba, uko awiri akukangana za mpira. Ndinali ndi ludzu. Ndinaodira nyumba yoyamba, yachiwiri, yachitatu, anthu akulankhula m'kati koma odi wanga osayankhidwa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinafa pampando wakumbuyo uja, ndipo kwa akufa n'kumeneku.

"Alendo! Mukuodira wailesi?"

Anali mayi wokalamba, wowonda, atakhala pakhonde la nyumba ya zidina pafupi ndi siteji pomwe ndinatsikira. Nyumbayo inali yakale kuposa zonse, kumbuyo kuli kadimba ka chimanga ndi maungu, kotsiriza m'tauni monsemo. Ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Eni ake amazisiya zikulankhula kuti akuba aziyesa muli anthu. Akuba anadziwa kalekale. Amene amapusitsidwa ndi alendo ngati inu. Bwerani mudzamwe madzi."

Pakhoma la khonde panali thabwa lalitali lokhomedwa misomali m'mizere, msomali uliwonse uli ndi kiyi. Wina anali ndi kansalu kofiira, wina chitsekerero cha botolo, wina mkanda, wina fupa la nkhuku. Ataona kuti ndikuyang'anitsitsa anandifotokozera.

"Kuno anthu amangogonako. Moyo wawo uli kumzinda, ana omwe amaphunzira komweko. Mwini nyumba amapereka loko mmodzi ndi kiyi mmodzi, koma madzulo obwera ndi atatu: ana paokha, mayi paokha, bambo pomalizira ngati sanapatukire kumowa. Pansi pa mwala paja akuba anayamba kuyang'ana poyamba. Ndiye amasiya kwa ine. Ine ndinalipo kale pano pali minda, sindipita kulikonse."

Dzina lawo anali Anangondo. Amuna awo anamwalira nyumba zamalata zisanafike, ndipo mwana wawo mmodzi yekha anapita kummwera kukafuna ntchito n'kusiya kulemba makalata. Anandipatsa kachipinda kakumbuyo kosungiramo makasu. Ndinati ndigona tsiku limodzi. "Inde, mlendo ndi mame," anatero. Anapitiriza kunditcha Alendo mpaka chimanga cha m'kadimba kaja tinakolola kanayi, kapena kasanu ndi kamodzi.

Tauni imeneyi ndinaikonda pang'onopang'ono, monga umazolowera nsapato ya mwini. Kukangoyamba kuyera, zitseko zinkalira motsatizana, ndipo tinjira tonse tinkatsanulira anthu ku siteji. Ankayenda mwakachetechete, atavala mapatapata chifukwa cha matope, nsapato zopolisha zili m'jumbo, ana akugona choyenda. Aliyense ankadutsa pakhonde, n'kuponya kiyi m'dzanja la Anangondo osaima. "Mwadzuka, Amakiyi?" Yankho ankalimvera ali kale pakhomo la minibasi. Dzuwa likamafika pamwamba pa madenga kunali kutatsala ife awiri, agalu ndi mawailesi.

Masana sitinkakhala chabe. Madzi a m'mipopi ankabwera dzuwa lili paliwombo, eni ake kulibe, ndiye ankasiya mipopi yotsegula, ndowa zili pansi. Ife tinkazungulira kutseka ndowa zikadzadza. Mitambo ikada tinkathamanga kuanula zovala nyumba ndi nyumba, ine ndikuthamanga, Anangondo akuloza ndi ndodo. Galu womangidwa padzuwa tinkamusunthira pamthunzi. Palibe anatituma, ndipo ambiri ankayesa kuti zovala zimadzipinda zokha pakhonde.

Madzulo mtsinje uja unkabwerera, wotopa, wonunkha fumbi la mumzinda. Anangondo ankazindikira munthu ndi mayendedwe ali patali, kiyi n'kukhala ali kale m'manja. Ankadziwanso zambiri kuposa zimene ankanena. Kiyi akagona pamsomali, ankadziwa kuti kwinakwake kuli matenda kapena chibwenzi. Mkazi akatenga kiyi n'kunena kuti bambo akabwera muwauze sindinafike, ankangogwedeza mutu. Kiyi wa chitsekerero cha botolo anali wa a Zgambo, bambo wamtali wa tayi, wogwira ntchito muofesi, amene ankayenda ngati akuchedwa ngakhale Lamulungu. Wa kansalu kofiira anali wa Mayi Thawale, namwino wa pachipatala china cha mumzinda. Awiriwa ankagawana khoma limodzi kwa zaka zambiri, koma Mayi Thawale ankawatchula a Zgambo kuti abambo a tayi aja, ndipo ankawadziwa bwino nkhongo chifukwa chokhala kumbuyo kwawo m'minibasi. Loweruka tauni yonse inkachapa. Lamulungu inkapemphera n'kusita. Lolemba zitseko zinkaliranso.

Sikuti anali anthu oipa, ayi. Ankawabweretsera Anangondo sopo, shuga, kabuledi. Koma palibe anakhalapo pansi pakhonde paja, ndipo palibe anafunsa kuti Amakiyi dzina lawo lenileni ndani.

Mantha a Anangondo ndinawadziwa tsiku limene tinkasenda nthanga za maungu. Anandiuza za bambo wina wa kunsi kwa tauni amene anamwalira Lachitatu n'kuikidwa Lachinayi. Kumanda kunali anthu anayi, wachisanu dalaivala wa galimoto yonyamula bokosi, amene sanazimitse n'injini yomwe.

"Ine kufa sindiopa, Alendo. Ndimaopa tsiku. Munthu kuikidwa ngati akukwirira galu wogundidwa! Ndimapempha Mulungu m'mawa uliwonse kuti akafuna kunditenga anditenge Lachisanu madzulo, anthu andiike Loweruka asanayambe kuchapa."

Ndinali nditawauza kale za ine, za mayi anga, za a Kambwiri ndi za misomali inayi ija. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilonjeze kanthu koma anandiletsa ndi dzanja.

"Musalumbire, inu mudzathawa, ndikukudziwani. Chokhacho, musanathawe mudzakoleke makiyi a eni ake pamisomali."

Mulungu ali ndi kalendala yake. Linali Lachiwiri pamene Anangondo sanatuluke pakhonde. Anandiyankhira ali m'kati kuti thupi likulemera, makiyi ndilandire ndine. Ndinavala jekete lalikulu la malemu amuna awo chifukwa cha mphepo, ndipo popeza anthu ankaponya mofulumira kuposa mmene ndikanakolekera, ndinkangolowetsa makiyi m'matumba. Ena anafunsa kuti Amakiyi ali kuti. Ndinati chimfine. "Muwapepese," ankatero, phazi lili kale m'galimoto. Minibasi yomaliza itachoka ndinawiritsa tiyi n'kulowa naye. Ndinawapeza atagona choyang'ana kukhoma, chitenje atafunda bwinobwino mpaka m'khosi, thupi litayamba kuzizira. Ndinaika kapu pansi mosamala kuti tiyi asatayike, sindidziwa chifukwa chake.

Panalibe wina wodula nthambi, ndiye ndinadula ndekha, koyamba m'moyo wanga. Ndinaziyala pamsewu kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba, pamsewu wopanda wodutsa. Ndinaimirira n'kuziyang'ana, zaziwisi, zikudontha utomoni. Mawailesi ankalalikira ndi kuimba m'nyumba zokhoma. Pamenepo mapazi anayamba kuyabwa.

Ndipo monga mwa nthawi zonse galimoto inafika. Anali a Sikelo, amene ankabwerera cham'mawa ndithu kudzatola ochedwa. Anakhotera pa siteji asanafike pa nthambi, osaziona.

"Alendo, tiyeni mukaone mzinda! Atsala malo amodzi!" Ankanena choncho ngakhale minibasi ili yopanda munthu.

Sindinaganize kanthu. Miyendo inadziyendera yokha. Ndinagwira chitseko, ndinakweza phazi, ndipo jekete lija linalira: jegede! Matumba onse awiri anali odzadza, akukokera mapewa pansi. Ndinaima phazi limodzi m'galimoto, lina pansi. Ndinaona m'maganizo madzulo a tsikulo, anthu otopa ataima pazitseko zawo, ana akulira njala, wina akupita kukabwereka nkhwangwa. Zitseko makumi anayi ndi zina, ndipo kiyi aliyense ali ndi ine, monga zinalili kwathu. Ndinachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso, amene ndinayenera kuchita pamphambano paja. Ndinati ndikakoleke kaye monga anandipemphera. Ndinatsitsa phazi.

"Mwaiwala chiyani?" anafunsa a Sikelo.

"Amakiyi atisiya."

Anazimitsa injini, anavula kapusi. Kenako anati akauza anthu kumzinda. Ndinawafunsa kuti anthuwo akayankha chiyani, ndipo iwo eni anayankha akuyang'ana pansi: "Akati pepani, n'kufunsa kuti makiyi akatenga kuti." Anachoka pang'onopang'ono, mpando uja uli wopanda munthu.

Nditaima pa thabwa la misomali ndi makiyi m'manja, ndinaona kuti ndikawakoleka pakhonde pomwepo anthu adzadzitengera okha osaima, monga amachitira. Ndinatenga hamala n'kuzula thabwa lonse. Ndinakalikhoma m'kati, pakhoma la kumutu kwa Anangondo, n'kukoleka kiyi aliyense pamsomali wake.

Kenako ndinawoloka kamtsinje kupita kumudzi wakale umene tauni inaukankhira kuphiri, kumene kuli manda. Ndinapezako amayi awiri okalamba amene anabwera kudzasambitsa mnzawo, ndi adzukulu atatu, onse a imvi. Anandilozera malo pafupi ndi amuna a malemu. Wamkulu wa iwo anagogoda pansi ndi ndodo.

"Pano ndi pamiyala, achimwene. Achinyamata athu onse amakwera minibasi. Ife manja anatha. Mukumba ndi ndani?"

Ndinati tiona mawa. Nditabwerera ndinachotsa chitseko cha nyumba ya Anangondo ndi matabwa a bedi langa, n'kukhoma bokosi pansi pa mtengo wa mango. Manja ankakumbukira okha. Misomali inayi ya chivundikiro ndinaiika m'thumba.

Dzuwa likupendeka minibasi yoyamba inafika. Inayenda pang'onopang'ono pa nthambi zija, anthu akusuzumira kuti maliro ali nyumba iti. Woyamba kufika pakhonde anali a Zgambo. Anatambasula dzanja mwachizolowezi, n'kupeza khoma lopanda thabwa ndi khomo lopanda chitseko.

"Makiyi ali kuti, achimwene?"

"Ali m'kati, bambo. Lowani mukatenge."

"Tangonditengerani, ndatopa ine."

"Amene ankakutengerani agona m'katimo. Ine sindikutengerani."

Anandiyang'ana ngati andimenya. Kumbuyo kwawo anthu ankachulukana, ena akung'ung'udza kuti ana ali ndi njala, ena akufunsa chachitika n'chiyani. Mayi Thawale ndiwo anadutsa pakati pawo, anavula nsapato, n'kuwerama pakhomo lalifupi lija. Ndinawatsatira. Anagwada pafupi ndi amayi awiri okalamba aja, anayang'ana nkhope ya malemu, anayang'ana kansalu kofiira kali pamsomali pamwamba pa mutu wawo. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Abambo, ndikuchita manyazi. Dzina lawo anali ndani?"

"Anangondo."

"Anangondo," anabwereza. Amene anali pakhomo anauza wa kumbuyo kwake, ameneyo n'kuuza wina, ndipo ndinalimva dzinalo likuyenda mpaka ku siteji. Mayi Thawale anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa kumudzi kumene sindinayembekezere mwa munthu wa yunifolomu yoyera. Anthu anayamba kulowa mmodzimmodzi. Pakhomo lija sungalowe osawerama, ndipo pofikira msomali unkayenera kugwada kaye pambali pa mphasa. Ena anatenga kiyi n'kutuluka msanga. Ambiri atatuluka sanapite kwawo, anaima pabwalo, makiyi ali m'manja, akuyang'anana ngati anthu okumana koyamba.

Ndinakwera pachitsa n'kutulutsa mawu anga akale oitanira maminibasi.

"Abale, Anangondo tiwaika mawa, Lachitatu. Ankaopa chinthu chimodzi: kuikidwa ndi anthu anayi. Ine sindikakamiza munthu. Amene akupita kuntchito adzasiye kiyi m'mawa monga mwa masiku onse, ndidzalandira, sindidzamufunsa kanthu."

"N'zomvetsa chisoni ndithu," anatero a Zgambo, "koma bwana wanga samva za maliro a munthu amene si m'bale. Ntchito ikatha ana adya chiyani?"

Ambiri anavomereza chapansipansi, ndipo sankanama. Ndinangoti, "Malaya oyera mwavalawo anaanula ndi Anangondo dzulo, bambo. Ine ndinali kutseka mipopi kumunsi, anachita kupita okha ndi ndodo mvula ikuwagwa." A Zgambo anayang'ana malaya awo ngati akuwaona koyamba, n'kuchoka.

Kusanache ndinabwezera thabwa pakhonde, misomali yonse ili yopanda kanthu, n'kukhala pansi pake. Zitseko zinayamba kulira. Woyamba anabwera, mutu uli pansi, n'kuika kiyi m'dzanja langa. Ndinakoleka. Wachiwiri, wachitatu, mayi wina ndi ana ake awiri. Pofika wachisanu ndi chinayi mtima wanga unali utagwa, ndipo ndinayamba kupepesa Anangondo chamumtima. Minibasi yoyamba inanyamuka nawo.

Ndinadikira wachikhumi. Kunayera. Dzuwa linatuluka, linakwera pamwamba pa madenga. Ndinatembenuka kuyang'ana thabwa: makiyi asanu ndi anayi, misomali ina yonse ili mbee. Sindinakondwerepo ndi misomali yopanda kanthu ngati m'mawa umenewo. Ndipamene ndinazindikiranso kuti kunali zii, mawailesi onse atazimitsidwa.

Kenako anayamba kutuluka m'tinjira, atavala mapatapata, opanda majumbo a nsapato, akuphethira ngati anthu osazolowera dzuwa la pakati pa sabata. Amayi anabwera ndi nkhuni ndi ndowa, abambo ndi makasu obwereka. Wina anati, "Kodi kuno kuli phiri?" ndipo anthu anaseka pamaliro pomwepo. Pomalizira anatulukira a Zgambo, tayi ili pakhosi, nsapato zili m'jumbo, kiyi wa chitsekerero cha botolo ali m'manja. Anafika pakhonde, anatambasula dzanja, ine ndinatambasula langa. Anaima choncho. A Sikelo analiza hutala ku siteji. A Zgambo anabweza kiyi m'thumba, anamasula tayi, n'kuikoleka pamsomali wawo.

"Kokumbako n'kuti?" anafunsa mwaukali, ngati ndawalakwira.

Kumanda ndinalowa pansi ndine, popeza dothi ndimalidziwa. Lofiira linatha msanga, miyala inayamba. Anthu a m'maofesi ankasinthana piki, matuza akuphulika m'manja, adzukulu atatu aja akuwaseka ndi kuwalangiza. Dzenje litazama, a Zgambo anagwira chingwe cha ndowa. Ndinayang'ana kumwamba n'kuona nkhope yawo yokha ndi thambo.

"Musachoketu pamwambapo, bambo."

"Ndili pompano. Kumbani."

Tinawanyamula pamapewa dzuwa litapendeka pang'ono. Misomali inayi ija ndinakhoma ndekha, yonse. Pamene oyamba ankawoloka kamtsinje, otsiriza anali asanachoke pa siteji. Nyimbo zinali zosakanikirana chifukwa mipingo inali yambiri, koma zinamveka mpaka kuphiri. Mayi Thawale ankayenda pambali pa a Zgambo, ndipo ndinawamva akufunsana mayina.

Bokosi litatsika, anthu anayamba kuponya dothi. Itafika nthawi yanga ndinapeza dzanja lili kale m'khosi. Chingwe chija chinali chitawola ndi thukuta la zaka zonsezo, sichinavute kuduka. Kiyi anagwera pathabwa lija linali chitseko, n'kulira kamodzi.

"Amayi, ndafika," ndinatero, osadziwa kuti ndikuuza ati mwa awiriwo. Ndinalira pamenepo, munthu wamkulu wa ndevu, ndinalirira onse anayi pakamodzi, ndipo palibe anandiletsa.

Lachinayi zitseko zinaliranso kusanache. Ndinali pakhonde ndi kathumba kanga pambali, pakuti maliro anali atatha ndipo mlendo ndi mame. Ndinati ndingolandira lero lokha. Anthu ankaponya makiyi m'dzanja langa, koma ena ankaima pang'ono. Mayi Thawale anaima ndithu.

"Mwadzuka bwanji, Amakiyi? Ndayanika mabulangete, kumwambaku sikukundisangalatsa."

Onse atakwera, a Sikelo anatulutsa mutu pawindo, anaona kathumba kaja, n'kukuwa monga mwa masiku onse.

"Alendo! Atsala malo amodzi!"

Ndinayang'ana mapazi anga. Anali phee pansi, ali ndi dothi lofiira la dzulo m'zikhadabo. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuda.

"Pitani, a Sikelo," ndinatero. "Kuli mabulangete a eni ake panja."